MBIRI YA MWEZI UNO: Guglielmo Marconi, mnyamata amene analumikiza zopanga ena n'kubala wayilesi

Mwezi uno takutengerani mbiri ya Guglielmo Marconi wa ku Italy. Mukafunsa anthu kuti anapanga wayilesi ndani, ambiri ayankha kuti Marconi. Yankho limeneli ndi loona theka lokha. Zida zikuluzikulu zimene zinali mu wayilesi yake yoyamba anazipeza zitapangidwa kale ndi anthu ena. Iye anazilumikiza, n'kumaziyesa ndi kuzikonza mpaka zinayamba kugwira ntchito yoti munthu n'kuilipira.

Nkhaniyi taisankha dala. Amene mumakonda zamagetsi mukuwadziwa ma module, tizida tating'ono togula topangapanga timene mumamatika pa chinthu chanu kuti chizitha kutumiza uthenga popanda waya. Pali ena amene amanyoza kuti kugwiritsa ntchito module si luso, eti ndi kungolumikiza zopanga azungu kapena Matchaina. Werengani kaye moyo wa mkuluyu, kenako muweruze nokha.

Ubwana wake

Marconi anabadwa pa 25 April 1874 mumzinda wa Bologna. Bambo ake a Giuseppe anali mwini minda wopeza bwino, ndipo mayi ake a Annie Jameson anali a ku Ireland, ochokera kubanja lija lofulula mowa wa Jameson. Kusukulu sanali wotchuka ayi. Maphunziro ambiri anawachitira pakhomo ndi aphunzitsi olembedwa ganyu, ndipo digiri ya kuyunivesite analibe. Mwayi wake unali woti pafupi ndi kwawo pankakhala pulofesa wina wa sayansi, Augusto Righi wa pa yunivesite ya Bologna, amene ankamulola kumvera nawo maphunziro ndi kuwerenga mabuku.

Mu January 1894 kunamwalira katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz, ali ndi zaka 36 zokha. Hertz ndi amene anaonetsa kuti magetsi akathetheka pakati pa zitsulo ziwiri amatulutsa mafunde osaoneka oyenda mumlengalenga. Atamwalira, magazini a sayansi analemba zambiri za ntchito yake, ndipo Marconi, ali ndi zaka 20, anaziwerenga. Akatswiri ambiri ankaona mafundewo ngati nkhani ya m'kalasi basi. Mnyamatayu anaganiza za telegalamu.

Kumbukirani kuti nthawi imeneyo uthenga wachangu unkayenda pa waya wokhawokha. M'zaka zomwezo za m'ma 1890, kampani ya Cecil Rhodes inali kukoka waya wa telegalamu kudutsa ku Tete ndi Blantyre mpaka ku Karonga, mapolo achitsulo atasenzedwa pamitu ya makolo athu a mtengatenga. Ntchito yake inali yowawa ndi yodula. Ndipo panali malo amodzi amene waya sakanafika ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani: sitima imene ili pakati pa nyanja. Ikangochoka padoko inali ngati yasowa, mpaka itafika kumene ikupita.

Zida zinayi zopanga ena

Marconi anatenga chipinda cha m'mwamba cha nyumba ya bambo ake yotchedwa Villa Griffone, m'mudzi wa Pontecchio, mmene kale ankawetera mbozi zopanga ulusi wa silika. Taonani zimene anaika pathebulo.

Choyamba chinali koyilo yokweza mphamvu ya batire, imene inkadziwika ndi dzina la Ruhmkorff ndipo inkapezeka kale m'makalasi a sayansi kwa zaka pafupifupi 40. Chachiwiri chinali timipira tachitsulo tothethetsa magetsi, m'kapangidwe ka a Righi aja. Chachitatu chinali kiyi wogogodera zizindikiro za Morse, yemwe anthu a telegalamu anali atamugwiritsa ntchito kwa zaka 50. Chachinayi chinali kolandirira mafunde: kachubu kagalasi kokhala ndi fumbi lachitsulo m'kati, kamene Édouard Branly wa ku France anatulukira mu 1890 ndipo Oliver Lodge wa ku England anakapatsa dzina loti coherer.

Kachubu kameneka kankagwira ntchito motere. Fumbi lija likakhala lomwazikana, magetsi sadutsa. Mafunde akangofika, fumbilo limagwirana, magetsi n'kudutsa, belu n'kulira. Kenako kanyundo kakang'ono kamagogoda chubucho kuti fumbi limwazikanenso, kudikira chizindikiro china.

Nanga chake cha Marconi pamenepa chinali chiyani? Zinthu ziwiri. Poyamba, anayesa fumbi la zitsulo zosiyanasiyana mpaka anapeza kuti nickel wosakaniza ndi siliva pang'ono ndiye amamva msanga. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mu 1895 atatulutsa zida zake panja anapachika waya wina m'mwamba, wina n'kumukwirira m'nthaka. Anaona kuti akakweza kwambiri waya wam'mwambayo, uthenga umafika patali kwambiri. Eriyo ndi waya wapansi zinasintha zonse. Chinthu chimene chinkangoliza belu kuseri kwa chipinda chinayamba kudutsa munda wonse. Chaka chomwecho uthenga unafika pamtunda wa makilomita pafupifupi 2, kuseri kwa kaphiri, ndipo mkulu wake Alfonso, amene anali ndi cholandirira, anaomba mfuti kuti mng'ono wake adziwe kuti zatheka.

Ulendo wa ku London

Mu February 1896 Marconi anapita ku London ndi mayi ake. Nzeru yake inali yoti Britain ndiye anali ndi sitima zambiri padziko lonse, choncho makasitomala anali kumeneko. Mu June chaka chomwecho anapempha chiphaso cha umwini wa luso lake. Mkulu wa mainjiniya a positi ofesi ya Britain, William Preece, anamuthandiza ndi anthu komanso malo oyesera. Mu May 1897 uthenga unaoloka madzi a Bristol Channel pamtunda wa makilomita 6. Mu July anakhazikitsa kampani mothandizidwa ndi msuweni wake Henry Jameson Davis. Mu March 1899 anatumiza uthenga kuchokera ku France kukafika ku England.

Apa tisabise: mnyamatayu anali ndi abale andalama, ndipo zimenezi zinamufupikitsira njira. Koma ndalama sizinamuyesere zida. Ankakwera yekha m'sitima, kunyowa ndi mvula, kulemba mtunda uliwonse umene uthenga wafika.

Phunziro lochokera kwa anansi athu

Nkhani imodzi ya wayilesi ya Marconi inachitikira kuno kumwera kwa Africa, ndipo ndi yofunika kwa aliyense wogwira module. Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itayamba mu 1899, zida za Marconi zinatumizidwa ku South Africa pamodzi ndi mainjiniya a kampani yake. Pamtunda zinakanika. Mapolo a eriyo anali osakwanira, nsungwi zimene anagwiritsa ntchito zinkang'aluka ndi dzuwa, nthaka inali youma gwa moti waya wapansi sankagwira bwino, ndipo ziphaliwali zinkasokoneza zolandirira. Asilikali anaziona ngati zopanda pake.

Mu 1900 zida zomwezo zinaikidwa m'sitima zankhondo zimene zinkalondera Delagoa Bay, kumene lero kuli Maputo. Kumeneko zinagwira ntchito bwinobwino, chifukwa milongoti ya sitima ndi yaitali ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta. Zida zake zomwezo, anzathu. Chinasintha ndi pamene anaziika. Ndiye module yanu ikakana kulankhula, musathamangire kunena kuti anakugulitsani yakufa. Yang'anani kaye eriyo, mphamvu ya batire ndi malo.

Kuoloka nyanja ya Atlantic

Akatswiri ambiri ankati mafunde amayenda molunjika ngati kuwala, choncho sangatsatire kupindika kwa dziko. Marconi anafuna kuyesa. Anamanga siteshoni yaikulu ku Poldhu, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo makina otumizira anawakonza ndi pulofesa John Ambrose Fleming. Mu September 1901 chimphepo chinagwetsa milongoti yonse 20. Anaimika eriyo ina yongogwirizira, iye n'kuoloka nyanja kupita ku Newfoundland. Kumeneko analibe mlongoti, ndiye anakweza waya ndi kaiti. Pa 12 December 1901, paphiri la Signal Hill, analengeza kuti wamva madontho atatu a chilembo S kuchokera ku Poldhu, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500.

Anthu ena anakayika, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsanabe ngati anamvadi S kapena phokoso chabe, poti anamva ndi iye ndi womuthandiza wake George Kemp basi, popanda cholembedwa. Marconi sanalimbane nawo pakamwa. Mu February 1902 anakwera sitima yotchedwa Philadelphia, n'kumalandira uthenga wochokera ku Poldhu pa makina olemba papepala, kaputeni wa sitimayo n'kumasainira. Paulendowu anatulukiranso kuti usiku mafunde amafika patali kuposa masana. Funsani agogo anu amene ankatchera wayilesi zakunja, akuuzani kuti zinkamveka bwino kukada. Chifukwa chake n'choti kumwamba kwenikweni kuli mpweya umene umabweza mafunde ena pansi, ndipo dzuwa limasintha khalidwe lake.

Wayilesi yongoika m'sitima

Malonda a kampani ya Marconi ndi amene akufanana kwambiri ndi ma module a lero. Mwini sitima sankafunika kudziwa mmene wayilesi imagwirira ntchito. Kampaniyo inkabwera ndi zida zathunthu, kuziika m'kachipinda, n'kuperekanso mnyamata wozigwiritsa ntchito, mwini sitima n'kumangolipira lendi. Iye aziganiza za sitima yake, za mafunde azisiyire eni ake.

Phindu lake linaoneka pangozi. Mu January 1909 sitima ya Republic itagundidwa ndi inzake, mnyamata wa wayilesi Jack Binns anaitana thandizo ndipo anthu oposa 1,500 anapulumuka. Mu April 1912 Titanic ikumira, anyamata awiri a kampani ya Marconi, Jack Phillips ndi Harold Bride, anatumiza uthenga umene sitima ya Carpathia inamva. Anthu pafupifupi 700 anapulumuka, oposa 1,500 anafa, Phillips ali m'gulu la akufawo.

Panalinso dyera. Poyamba kampaniyo inkakana kulandira uthenga wochokera ku zida za makampani ena, mpaka mayiko anakumana ku Berlin mu 1906 n'kugwirizana kuti masiteshoni a m'mbali mwa nyanja azilandira uthenga wa sitima iliyonse. Titanic itamira malamulo anakhwimanso, kuti sitima zikuluzikulu zizikhala ndi womvetsera wayilesi usana ndi usiku. Kuyambira pamenepo dziko linavomereza kuti mlengalenga ndi wa tonse ndipo pafunika woyang'anira. Kwathu kuno ntchito imeneyi ili m'manja mwa MACRA.

Mu 1909 Marconi analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun wa ku Germany. Mu 1912 anataya diso lakumanja pangozi ya galimoto, koma ntchito sanasiye. M'ma 1920 anasandutsa sitima yake yotchedwa Elettra kukhala malo oyesera mafunde aafupi, ndipo mu 1927 njira imeneyi inalumikiza Britain ndi South Africa. Kampani yake inali m'gulu la makampani amene anayambitsa BBC mu 1922, ndipo mu February 1931 iye mwini anakhazikitsa wayilesi ya ku Vatican.

Kwathu kuno chinthuchi chinafika ndi dzina lake lomwe. Liwu loti wayilesi linachokera ku Chingerezi ndipo limatanthauza chopanda waya. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kampani ya Ever Ready inapanga kuti anthu akumudzi azimvera siteshoni ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja. MBC inayamba mu 1964. Ndipo William Kamkwamba wa ku Kasungu, asanamange makina ake amphepo aja, anayamba ndi kumasula ndi kukonza mawayilesi akutha.

Mbali yamdima

Mbiri yosanena zoipa ndi yabodza. Mu 1923 Marconi analowa chipani cha Fascist cha Benito Mussolini, ndipo mu 1930 anapatsidwa udindo wotsogolera bungwe lalikulu la akatswiri a maphunziro ku Italy. Mu 1935 Italy itaukira Ethiopia, dziko la Africa limene linali lodzilamulira, Marconi anaikira kumbuyo nkhondoyo poyera. Pankhondo imeneyi asilikali a Italy anathira anthu mpweya wa poizoni. Ife ngati achinyamata a mu Africa sitingalumphe tsamba limeneli. Luso la manja silichapa mtima wa munthu.

Analinso wouma manja pogawa ulemu. Fleming anadandaula kuti ntchito yake ya ku Poldhu sinatchulidwe mokwanira. Mu 1943 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti mbali zikuluzikulu za chiphaso chake china, chokhudza kutchera wayilesi pa siteshoni imodzi, zinali zitatulukiridwa kale ndi Oliver Lodge, Nikola Tesla ndi John Stone. Nthawi imeneyo n'kuti mwini wake atapita kale. Anamwalira ku Rome pa 20 July 1937 ali ndi zaka 63, ndipo tsiku lotsatira mawayilesi ambiri anakhala chete kwa mphindi ziwiri pomulemekeza.

Nanga ife titengepo chiyani?

Zimene zinkadzaza chipinda chonse cha Marconi lero zimakwana pa kabolodi kochepa ngati bokosi la machesi. Mumakhala nazo kale pafupi: m'sipika ya Bluetooth, m'kachida kolondolera njinga yamoto ya kabaza ikabedwa, m'masola ena olipira pang'onopang'ono pafoni. Opanga zinthu zimenezi ambiri sapanga okha mbali ya wayilesi. Amagula module yoyesedwa kale, iwo n'kulimbana ndi vuto la kasitomala.

Yambani ndi vuto, monga Marconi anayambira ndi sitima yosowa panyanja. Thanki ya madzi imene imasefukira usiku. Mpope wa sola kudimba umene mukufuna kudziwa ngati ukupopa muli kunyumba. Khola la mbuzi limene akuba amatsegula anthu ali mtulo. Makina oswetsa mazira amene amazizira magetsi akathima. Mukadziwa vuto ndi mtunda wake, ndiye musankhe module.

Ngati ndi pafupi, mamita 10 kapena kuchepera, HC-05 ya Bluetooth ikwana. ESP32, ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth pamodzi ndipo mutha kuilembera pulogalamu yokha popanda Arduino, koma imagwira ntchito m'dera la nyumba kapena sukulu basi. Ngati mukufuna meseji ifike pafoni kulikonse, SIM800L imalowa simukhadi ya Airtel kapena TNM, bola pamalopo pakhale netiweki ya 2G ndipo mukhale mayunitsi. Ngati kudimba kulibe netiweki, ma module a LoRa amalankhulana okha pamtunda wa makilomita angapo popanda simukhadi, koma amanyamula uthenga waufupi, osati zithunzi.

Safunsa anadya phula, ndiye werengani pepala lofotokoza module yanu musanailumikize. SIM800L imafuna mphamvu ya pafupifupi 4V ndipo ikamatumiza imakoka mpaka 2A kwa kanthawi kochepa. Mukaipatsa 5V mwachindunji mutha kuiwotcha, ndipo mukaidyetsa kuchokera pa Arduino izingozima n'kuyakanso. Batire la 18650, longa aja opezeka m'mabatire akale a laputopu, pamodzi ndi kapasita wamkulu pafupi ndi module, zimathetsa vutoli. ESP32 imayendera 3.3V, choncho miyendo yake isalandire 5V.

Za eriyo, kumbukirani nkhani ya ku Delagoa Bay ija. Utali wake umayenderana ndi mafunde ake: module ya 433 MHz imafuna waya wowongoka wa masentimita pafupifupi 17. Musamaiyatse kuti itumize eriyo musanaike, imatha kupsa. Musaitsekere m'bokosi lachitsulo kapena kuikanikiza pansi pa malata. Ikwezeni m'mwamba. Ndipo phiri ndi phiri: module imene ili kuseri kwa phiri la Bunda kapena la Nkhoma musayembekezere kuti imvana ndi inzake mosavuta.

Yesani ngati Marconi ndi Alfonso. Wina akhale ndi chotumizira, wina aziyenda ndi cholandirira, muzilemba m'kope mtunda, utali wa eriyo ndi nyengo. Mfuti siyofunika, kufulasha kukwana. Yesani nthawi ya dzuwa, muyesenso chimanga chikakula ndi mitengo itaphuka, muone kusiyana kwake.

Pomaliza, zinthu ziwiri zimene mkuluyu anapunthwa nazo. Mlengalenga si wanu nokha: kuwonjezera mphamvu ya module mwachisawawa kapena kutsegula kawayilesi ka FM popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo amene mukufuna kupanga zinthu zogulitsa mufunse ku MACRA za mafunde ololedwa ndi zida zovomerezeka. Chinanso, mutu umodzi susenza denga. Mukatenga pulogalamu ya munthu pa intaneti, kapena mnzanu akakuthandizani kuwotcherera mawaya, mutchuleni. Kugwiritsa ntchito zopanga ena si manyazi, manyazi ndi kubisa kuti mwatero.

Ndiye tikakumananso, aliyense abwere ndi vuto limodzi la kunyumba kapena kumunda kwawo limene uthenga wopanda waya ungathetse, atalemba mtunda wake komanso ngati pamalopo pali netiweki ndi magetsi. Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso, musawasiyire anyamata okha. Amene muli ndi laputopu yakufa, wayilesi yakale kapena tchaja chowonongeka, musataye, bweretsani. Gawiraninso anzanu nkhaniyi kuti nawonso awerenge.